Wodwala wafika ndi thovu kukamwa, botolo palibe, labu palibe: timudziwa bwanji?

Nachisale analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuno ku Thyolo ndi Mulanje mankhwala ophera tizilombo ali pafupifupi nyumba iliyonse. Ena ndi opopera matimati ndi kabichi m'madimba a ku Bvumbwe, ena a mbozi za m'chimanga ndi nandolo, ena a nankafumbwe, ena a m'maesiteti a tiyi ndi makadamiya, ndiye pali tameki wa m'timapepala pamsika. Wodwala amabwera pa kabaza atalefukiratu, omuperekeza akungoti "wamwa mankhwala" kapena "amudyetsa", botolo analisiya kunyumba. Pachipatala chaching'ono palibe poyezera cholinesterase, enzyme ya m'magazi yomwe mankhwala ambiri otere amatseka.

Tsono ndi zizindikiro ziti zomwe munthu angatsamirepo n'kuyamba atropine, jakisoni wolimbana ndi poizoni wotere, mosakayika? Ndi matenda ati omwe amatipusitsa? Nanga mtima ukamagunda mothamanga, kodi atropine timuperekabe?

CO (clinical officer) wa Kuphiri anayankha:

Achemwali, funso loti "wamwa chiyani" liyambe ladikira. Loyamba ndi lakuti munthuyu ndi wonyowa kapena wouma. Dzina la mankhwala limabwera pambuyo, mwinanso osabwera n'komwe.

Ma organophosphate, monga chlorpyrifos, dimethoate, profenofos, malathion ndi pirimiphos-methyl wa mu Actellic, komanso ma carbamate, monga aldicarb yemwe ndi tameki uja, onsewa amaluma pamalo amodzi. Amatseka enzyme yotchedwa acetylcholinesterase, yomwe imaphwanya acetylcholine minyewa ikatha kupereka uthenga. Enzyme ikatsekedwa uthengawo suzima, ndiye paliponse potuluka madzi m'thupi pamakhala ngati mpopi wothyoka. Malovu, misozi, mamina, thukuta, masanzi, chimbudzi, mkodzo, zonse pakamodzi. Chomwe chimapha ndi madzi odzaza m'njira za mpweya pamodzi ndi kufooka kwa minofu yopumira.

Kuyeza kwake sikudutsa mphindi 2. Valani magolovesi ndi epuloni, tsegulani mazenera, mugonekeni chammbali kumanzere mutu uli chakumunsi pang'ono kuti dovu ndi masanzi zizitsikira panja. Kenako:

Pisani dzanja m'khwapa. Thukuta la pamphumi aliyense amene wakwezedwa kabaza padzuwa amakhala nalo, koma la poizoni uyu limanyowetsa malaya onse ndi chitenje chomwe wagonera, thupi lili zii.

Tukulani zikope zonse ziwiri pamalo opanda kuwala kwambiri. Mwana wa diso amachepa ngati nsonga ya singano, mbali zonse, ndipo sakula ngakhale mutaphimba diso ndi dzanja. M'maso akuda bii amavuta kuoneka, choncho walitsani tochi kuchokera chammbali, osati kutsogolo.

Mvetserani chifuwa kumbuyo, m'munsi, mbali zonse ziwiri. Mukumva kulira ngati mphumu pamodzi ndi kubwata kwa madzi ponseponse? Ameneyo ndi poizoni. Kukakhala kubwata mbali imodzi yokha, makamaka kumanja m'munsi, ganizirani kuti masanzi alowa m'mapapo.

Yang'anani minofu. Pa lilime, m'zikope, pachifuwa ndi pa katumba imaphiriphitha pansi pa khungu ngati muli tinyongolotsi. Ikapanda kuoneka, gogodani katumba ndi chala n'kudikira pang'ono. Mukachipeza chimenechi pa munthu wonyowa wa maso aja, nkhani yatha, musafunenso umboni wina.

Pa funso lanu la mtima, apa mpomwe ambiri amagwera m'mbuna. M'mabuku timaloweza kuti mtima umatsika, ndipo n'zoona kwa ambiri, 40 kapena 50 pa mphindi. Koma acetylcholine yemweyo amatakasanso minyewa yothamangitsa mtima ndi kukweza BP, kuonjezera apo munthu akusowa mpweya, wataya madzi, mwinanso wamwa kachasu. Ndiye 120 pa mphindi sichifukwa chokanira poizoni, komanso sichifukwa chomumana atropine ngati chifuwa chili chonyowa. Kawirikawiri mtima wotere umatsika wokha chifuwa chikauma ndi mpweya ukayamba kulowa. Ngakhale mwana wa diso, mwa odwala ena poyambirira amakhala wabwinobwino kapena wamkulu. Chizindikiro chimodzi chikasowa musataye zina zinayi.

Fungo limathandiza koma si mboni yodalirika. Ena amanunkha ngati adyo, ambiri amanunkha ngati parafini chifukwa cha mafuta osungunulira mankhwalawo.

Pomwe mukukayika ndithu, mwachitsanzo munthu akusanza ndi thukuta pang'ono koma chifuwa chili bwino, muyeseni ndi atropine. Werengani mtima, perekani 0.6 mpaka 1 mg mumtsempha, dikirani mphindi 5, werenganinso. Munthu wopanda poizoniyu mtima umakwera ndi 20 kapena 25 kapena kuposa, m'kamwa mumauma, khungu limatentha. Ameneyo muzingomuyang'anira. Amene sanasinthe kalikonse, atropine wamezedwa ndi poizoni, yambani chithandizo chenicheni.

Za nthawi: womwa amaonetsa zizindikiro pakapita mphindi kapena maola ochepa. Wolowa pakhungu, monga wopopera amene sipuleya imamudonthera kumsana, zimachedwerapo, amatha kudwala madzulo ataweruka kale. Chlorpyrifos amabisala m'mafuta a m'thupi ndipo amayenera kusinthidwa kaye ndi chiwindi kuti alume, choncho munthu akhoza kufika akuyenda yekha, akucheza, n'kudzagwa usiku. Aliyense amene akuti wamwa agone m'chipatala maola 24 ngakhale akuoneka bwino.

Sisitala wa ku Ana anayankha:

Achimwene afotokoza bwino za akuluakulu. Ine ndiikepo za ana, chifukwa mwana samawerenga buku lomwelo.

Mwa ana aang'ono kuphiriphitha kwa minofu sikuonekaoneka, ndipo dovu ndi kudzikodzera n'zomwe mwana amachita kale. Chomwe chimatsogola ndi kulefuka ngati nsanza, kugona kosadzuka, kupuma movutika, nthawi zina kugwedezeka ngati khunyu. Kuno chithunzi chimenecho aliyense amachitcha malungo aakulu kapena chibayo. Vuto lina n'lakuti MRDT, kachipangizo koyezera malungo mwachangu, ikhoza kuonetsa malungo mwa mwana amene ali ndi tizilombo m'magazi koma chomwe chamugwetsa lero ndi china. Ikatero perekani artesunate, inde, koma tukulanibe zikope. Mwana wokomoka, thupi losatentha, chifuwa chonyowa mbali zonse, wadwala mwadzidzidzi pomwe m'mawa amasewera, mwana wa diso ali kadontho, ameneyo ndi wa atropine.

Shuga muyezeni aliyense wokomoka musanachite china chilichonse. Akakhala pansi pa 2.5 mmol/L, kapena pansi pa 3 mwa mwana wonyentchera, perekani dextrose 10% pa 5 ml pa kilogalamu.

Makolo mukawafunsa kuti "wamwa poizoni?" amakana, ndipo sakunama. Afunseni zinthu zooneka. Kodi m'nyumba mwapoperamo za nsikidzi kapena utitiri, pamphasa pomwe mwana amagona? Kodi mwamupaka chilichonse kumutu chophera nsabwe, kapena kumapazi chophera matekenya? Mankhwala a kudimba mumasungira m'botolo lanji, si la zakumwa? Chimanga chothira mankhwala chimagona chipinda chimodzi ndi ana? Alipo wina pakhomo, ngakhale galu kapena nkhuku, amene wadwala lero lomwe? Khungu la mwana ndi lopyapyala, mankhwala opaka kumutu okha amakwana kumugwetsa. Mukapeza zotere, muvuleni zonse, musambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, tsitsi ndi m'zikhadabo momwe, zovala muzimange m'jumbo. Nsalu yoberekera nayonso ichoke, apo ayi mayi ake ndi mwana yemwe apitiriza kuyamwa poizoni pakhungu.

Mlingo wa mwana ndi 0.02 mg pa kilogalamu poyambira. Wa makilogalamu 10 ndiye 0.2 mg. Ampule ya 0.6 mg mu 1 ml ndi yovuta kugawa, choncho ithireni saline mpaka ifike 6 ml, ml iliyonse ikhala 0.1 mg, mupereke 2 ml. Onetsetsani kaye zolembedwa pa ampule, chifukwa ena amabwera a 1 mg.

Pa kuyesa ndi atropine kuja ndisiyana nanu pang'ono, achimwene. N'kwabwino kwa wamkulu amene ali pakatikati. Koma pawodi anthu amakusandutsa chizolowezi, wodwala akumira m'malovu ake iwo akudikira mphindi 5 ndi kamlingo ka 0.6 mg. Chifuwa chikakhala chonyowa palibenso choyesa. Komanso mwana wotentha thupi, wouma khungu, musamuyese dala, atropine amatseka thukuta ndipo kutenthako kumakwera.

Otipusitsa ena ndi awa. Morphine ndi codeine amachepetsa mwana wa diso ndi kupuma, koma munthu amakhala wouma, m'mimba muli zii, ndipo naloxone amamudzutsa. Sitiroko ya kumunsi kwa ubongo imapereka maso omwewo, koma ndi wachikulire wa BP amene wagwa kamodzin'kamodzi, thupi nthawi zambiri limatentha. Kolera amatsegula ndi kusanzitsa, koma maso amalowa m'kati, lilime limauma, chifuwa chili mbee. Wolumidwa ndi mamba amatuluka thukuta ndi dovu, minofu n'kumaphiriphitha, zikope n'kugwa, ndiye kwa wochokera m'munda wa tiyi kapena m'nthochi yang'anani miyendo ndi manja ngati pali mano a njoka. Nyengo ya mvula kuli bowa: mitundu ina imatulutsa thukuta ndi malovu pasanathe maola 2 chidyereni, ndipo mwayi wake atropine amagwiranso pamenepo. Banja lonse likadwala litadya chinangwa chowawa chosaviika bwino, kumakhala kusanza, chizungulire ndi kupuma mothamanga, koma mwana wa diso sachepa.

Wa ku Famase anayankha:

Ine ndilankhule za botolo, chifukwa likapezeka limapulumutsa ma ampule ambiri. Musatume munthu kukalitenga ku Thekerani kapena ku Muloza wodwala akudikira. Wotsala kunyumba ajambule chizindikiro chonse, kutsogolo ndi kumbuyo, atumize pa WhatsApp.

Dzina lalikulu la malonda lilibe ntchito kwa inu. Werengani timalemba ta pansi pake pomwe alemba active ingredient. Mayina othera ndi "fos", "phos" kapena "thion" ndi ma organophosphate, kuonjezapo dimethoate, diazinon ndi dichlorvos omwe satsata lamulolo. Ambiri okhala ndi "carb" ndi ma carbamate, kuonjezapo methomyl ndi propoxur. Othera ndi "thrin", monga cypermethrin, deltamethrin, permethrin ndi lambda-cyhalothrin, ndi ma pyrethroid. Werengani mpaka kumapeto, chifukwa mabotolo ambiri a kudimba ndi osakaniza, profenofos ndi cypermethrin m'botolo limodzi, kapena chlorpyrifos ndi cypermethrin. Mlimi amangoti "saipa", inu n'kumasuka mtima, pomwe muli organophosphate.

Pyrethroid payekha sakhudza cholinesterase. Wopopera amadandaula kuyabwa, kuwotcha ndi dzanzi kumaso ndi m'milomo, kuyetsemula, maso kufiira, ndipo zimatha zokha pakapita tsiku limodzi. Womwa wambiri akhoza kutuluka malovu, kunjenjemera ndi kugwedezeka ngati khunyu, n'chifukwa chake amasokonezedwa ndi organophosphate. Kusiyana kwake, atropine wochepa chabe amamuumitsa, ndipo mukapitiriza kuwirikiza mumudwalitsa ndi atropine wanuyo.

Zilembo EC pa botolo zikutanthauza kuti mankhwalawo asungunulidwa m'mafuta onga parafini. Akakumana ndi madzi amayera ngati mkaka, ndiye masanzi oyera onunkha parafini ndi umboni wabwino. Mafuta amenewa ndi omwe amawotcha mapapo akalowamo. N'chifukwa chake kusanzitsa munthu ndi madzi a mchere, sopo, mkaka, mazira kapena mafuta ophikira, monga amachitira kumudzi asanabwere, kumaonjeza chibayo pamwamba pa poizoni. Funsani zomwe amumwetsa panjira, muzilembe.

Bungwe la Pesticides Control Board, lomwe lili ku Bvumbwe konkuno, ndi lomwe limalembetsa mankhwala ololedwa m'dziko muno. Koma za m'timapepala ndi m'timabotolo topanda chizindikiro sizidutsa kumeneko, ndipo mawu oti "tameki" pamsika amatchulira chilichonse chophera makoswe. Zitha kukhala zitatu zosiyana kotheratu. Aldicarb weniweni ndi timibulu takuda, amagwetsa msanga ndi chithunzi chonyowa chija, ndipo wodwala akathandizidwa bwino amatsitsimuka pakapita tsiku limodzi kapena awiri chifukwa carbamate amaisiya yekha enzyme. Zinc phosphide ndi ufa wotuwa moderako. Achitatu ndi oletsa magazi kuundana, monga brodifacoum: tsiku loyamba munthu alibe chizindikiro chilichonse, kenako m'kamwa, m'mphuno ndi mumkodzo muyamba magazi. Ameneyu muyezeni INR, muyezo wa kuundana kwa magazi, pakatha maola 48, kapena ikani 2 ml ya magazi m'kabotolo kagalasi kouma muone ngati aundana pa mphindi 20. Mankhwala ake ndi vitamin K1, osati atropine.

Awiri ena muwadziwe msanga chifukwa atropine alibe nawo ntchito. Mapilisi ofukizira chimanga m'matumba, aluminium phosphide, amanunkha ngati adyo kapena nsomba yowola, ndiye anthu amathamangira organophosphate. Koma wodwala wake amakhala ndi nzeru zake zonse, akusanza, akumva ludzu ndi kuwawa pachifuwa, BP ili pansi osakwera ndi diripi, akupuma mozama, mwana wa diso ali bwinobwino, chifuwa poyamba chouma. Musamutsuke m'mimba ndi madzi, madzi ndi omwe amatulutsa mpweya wa poizoniwo. Wachiwiri ndi paraquat wophera udzu: masanzi obiriwira mobuluwira, m'kamwa ndi pakhosi kuwotcha, zilonda pa lilime pakapita tsiku limodzi kapena awiri, kenako impso ndi mapapo. Kwa ameneyu okosijeni amafulumizitsa kuonongeka kwa mapapo, samaperekedwa pokhapokha mpweya utatsikiratu. Onse awiriwa ndi otumiza msanga.

Pomaliza pali dibi wa nkhupakupa. Wina ndi organophosphate, koma wina ndi amitraz, yemwe amagonetsa munthu, kuchepetsa mwana wa diso, kutsitsa mtima, BP ndi kutentha kwa thupi, n'kukweza shuga. Amafanana kwambiri ndi organophosphate kupatula chinthu chimodzi: m'khwapa ndi m'chifuwa mouma. Ambiri amadzuka okha mukawasamalira kupuma.

Nachisale analembanso:

Zikomo nonse, zamveka. Tsono tinene kuti ndatsimikiza, ndi wonyowa. Ma ampule a atropine pa shelefu ndi owerengeka. Ndipereke angati, ndisiye pati, ndipo ndimutumize nthawi yanji? Pralidoxime, mankhwala omasula enzyme yotsekedwa ija, sapezekapezeka, kodi popanda iyeyo tikungotaya nthawi?

Wogonetsa Anthu anayankha:

Amayi, simukutaya nthawi. Chomwe chimapulumutsa ndi atropine wokwanira, msanga, ndi munthu woyang'anira kupuma. Pralidoxime mlingo wake ndi 30 mg pa kilogalamu pang'onopang'ono kwa mphindi 30, kenako 8 mg pa kilogalamu pa ola, koma phindu lake akatswiri akukanganabe, ndipo kafukufuku wa ku Sri Lanka wa 2009 sanapeze kuti amachepetsa imfa. Kwa carbamate safunikira n'komwe. Akakhalapo musamukankhe mothamanga, amasanzitsa ndi kusokoneza mtima.

Cholakwika chachikulu ndi kupereka 0.6 mg pa mphindi 15 zilizonse ngati mwambo. Pa liwiro limenelo munthu amamira musanafike pa mlingo womuthandiza. Wamkulu yambani ndi 2 mg kapena 3 mg mumtsempha, pamodzi ndi diripi ya saline. Pakatha mphindi 5 onani zinthu zisanu: chifuwa, mtima, BP, m'khwapa, maso. Ngati palibe kusintha, wirikizani kawiri: 2, kenako 4, kenako 8, kenako 16. Zikayamba kusintha musawirikizenso, bwerezani mlingo womwewo kapena wocheperapo. Okosijeni ndi suction ziyende nthawi yomweyo, koma kusowa kwa okosijeni kusakuletseni kupereka atropine. Mtsempha ukavuta, bayani mumnofu uku mukufunafuna.

Muwerengere nokha: 2, 4, 8 ndi 16 pamodzi ndi 30 mg, omwe ndi ma ampule 50 a 0.6 mg, m'mphindi 20 zokha. Ndiye mukaona kuti mlingo wachiwiri sunagwire, wina ayambe kuthyola ma ampule n'kumakokera mu syringe ya 20 ml, wina aimbe foni ya ambulansi ndi kufunsa atropine kwina. Pachipatala chomwe chili pakati pa madimba, ma ampule 10 m'kabati si sitoko.

Posiyira ndi apa: chifuwa chayera, mtima wapitirira 80 pa mphindi, BP ya pamwamba yapitirira 80, m'khwapa mwauma. Maso amachedwa kutseguka, nthawi zina ndi theka la ola kapena kuposa, ndipo ngati mankhwala anagwera m'diso momwemo satseguka n'komwe. Amene amathamangitsa maso amapyola muyezo. Chimodzimodzi kubwata kwa mbali imodzi kochokera ku masanzi olowa m'mapapo sikutha ndi atropine, kumafuna ma antibiotic. Mwa khanda nambala ya 80 ilibe tanthauzo, tsatirani chifuwa.

Akauma musasiye, poizoni akadali m'thupi. Perekani pa ola lililonse gawo 10 mpaka 20 pa 100 la atropine yense amene munagwiritsa ntchito. Ngati anali 30 mg, yambani ndi 3 mg pa ola. Popanda pampu, thirani 30 mg mu saline wa 500 ml, muyendetse 50 ml pa ola, omwe ndi madontho 17 pa mphindi pa giving set ya madontho 20 pa ml. Lembani pa botolo ndi cholembera chachikulu kuti wina asalitsegule ngati diripi wamba. Muoneni mphindi 15 zilizonse poyamba, kenako ola lililonse. Akanyowanso, mubayeni wina mumtsempha n'kukweza madontho.

Atropine akachuluka munthu amabwebweta, amatola zinthu zosaoneka pabedi, amazula kanyula, thupi limatentha, m'mimba mumati zii, chikhodzodzo chimadzaza, mtima umapitirira 140. Tsekani diripi kwa mphindi 30 mpaka 60, mudzayambirenso pa magawo 70 kapena 80 pa 100 a liwiro lakale. Muikeni katheta msanga, theka la kuvutavuta kumachokera ku mkodzo wotsekeka. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala mupukuteni ndi nsalu yonyowa, ndipo kumumanga pabedi akulimbana kumangokweza kutenthako. Diazepam 10 mg mumtsempha pang'onopang'ono amathandiza pa kuvutavuta ndi pa khunyu, Ambu bag yopopera mpweya m'mapapo ili pafupi.

Zosachita: furosemide saumitsa chifuwa chimenechi, amangogwetsa BP. Salbutamol salowa m'malo mwa atropine. Aminophylline ndi morphine zipeweni. Kutsuka m'mimba munthu wosinza wopanda chubu cha mpweya ndi njira yachidule yopita ku chibayo. Activated charcoal, 50 g kwa wamkulu kapena 1 g pa kilogalamu kwa mwana, ndi wa munthu amene ali maso, wovomera kumwa yekha, amene wafika mkati mwa ola limodzi kapena awiri, ndipo asachedwetse atropine. Kwa anzanga a ku theatre, suxamethonium, mankhwala ofooketsa minofu pogonetsa munthu, amaphwanyidwa ndi cholinesterase ya m'magazi yomwe yatsekedwayo, ndiye m'malo mwa mphindi 5 munthu amatha kuuma ziwalo maola angapo.

Wotumiza ndi amene GCS yake, muyezo wa kutsitsimuka kwa munthu, ili 13 kapena kutsika, amene wagwidwa khunyu, amene BP sikukwera, amene akupuma mofooka, ndi amene mukuona kuti atropine akutherani. Wa dimethoate muchenjere naye pa BP, amakonda kugwa m'maola oyambirira ngakhale chifuwa chitauma. Koma muyambe mwamuumitsa musanamukweze galimoto. Msewu wochokera ku Thekerani kapena kuseri kwa phiri ndi wautali kwa munthu amene akumira. Apite ndi namwino, Ambu bag, ndi atropine wokokera kale mu syringe, atagona chammbali. M'kalata lembani nthawi yomwe anamwa, atropine yense amene walandira, ndi nthawi ya mlingo womaliza. Wofuna makina opumira ulendo wake umathera ku chipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre, choncho a chipatala cha boma adziwitsidwe msanga.

Tsopano chomwe chimatenga anthu amene "achira". Pakati pa maola 24 ndi 96, wodwala wouma bwinobwino, wolankhula, akhoza kuyamba kufooka khosi, zikope, kumeza, mapewa, kenako minofu yopumira. Dzina lake ndi intermediate syndrome, analifotokoza Senanayake ndi Karalliedde ku Sri Lanka mu 1987. Atropine saligwira chifukwa vuto lili polumikizana minyewa ndi minofu. Kuliyeza n'kwaulere. Wodwala atagona chagada, ikani dzanja pamphumi pake, mumuuze adzutse mutu pa pilo. Wabwino amakukankhani. Amene mutu ukugwera m'mbuyo, kapena akudzutsa ndi mapewa, watsala pang'ono kulephera kupuma. Muuzeninso akoke mpweya kamodzi n'kuwerenga mokweza: wolephera kufika 20, kapena amene nambala yake ikutsika poyerekeza ndi m'mawa, ndi wotumiza lero. Chitani zimenezi maola 4 aliwonse kwa masiku 4, muzilemba pa chati. Musadalire kamakina ka pachala koyezera mpweya m'magazi, munthu amene ali pa okosijeni kamaonetsa 96 mpaka atatsala pang'ono kusiya kupuma. Bedi lake likhale loyang'anana ndi tebulo la anamwino, osati kukona.

CO wa Kuphiri anayankhanso:

Asisitala, pa kuyesa kuja mwanena zoona, ndi kwa wokayikitsa yekha.

Ndionjeze ziwiri zomwe zatsala. Cholinesterase, kumene ingapezeke, imatsimikizira pambuyo, siyiyambitsa chithandizo. Ya mu plasma imatsikanso mwa amayi oyembekezera, odwala chiwindi ndi onyentchera, ndipo kutsika kwake sikunena kukula kwa matenda. Ya m'maselo ofiira ndiyo imayendera limodzi ndi mmene wodwala alili. Pa carbamate magazi akachedwa panjira enzyme imamasuka m'botolo momwemo, zotsatira n'kubwera zabwinobwino pa munthu amene anadwaladi.

Chachiwiri ndi kafunsidwe. Amene wamwa dala sanganene pamaso pa apongozi ake ndi anthu odzaza pakhomo, ndipo abale amaopa nkhani za kupolisi ndi manyazi a pamudzi, n'chifukwa chake mumamva "amudyetsa" kapena "anasokoneza botolo". Akatsitsimuka mufunseni ali yekha, modekha, mosamuweruza. Kuchuluka komwe wanena musakudalire, tsatirani thupi. Asatuluke asanaonane ndi namwino wa za maganizo, ndipo wachibale mmodzi wodalirika achotse mankhwala onse otsala pakhomo iye asanafike.

Wotuluka akhale atatha maola 24 opanda atropine, akudzutsa mutu bwino, akumeza bwino. Muuzeni abwerenso akamva dzanzi kumapazi kapena phazi likayamba kukwakwaza pansi pakatha sabata 1 mpaka 3, chifukwa ma organophosphate ena amaononga minyewa ya miyendo mochedwa. Kwa wopopera wa paesiteti kapena wa m'dimba, enzyme ya m'maselo ofiira imabwerera pafupifupi gawo limodzi pa 100 patsiku, ndiye akabwerera ku sipuleya sabata yomweyo kamlingo kochepa kamugwetsanso. Mulembereni kalata yopita kwa kapitawo yoti apatsidwe ntchito ina kwa milungu ingapo, ndipo sipuleya yomwe imadonthayo isinthidwe mphira ndi paipi wina asanaiberekenso.